Chimbale cha Mbewu Sabwereketsa

Kwathu ku Salima anthu ambiri adaweruza kale mlandu wa zimbale za CD ndi DVD. Amati zidali zinthu zosalimba, zongodyera anthu ndalama, ndipo ena amaonjezera kuti bola makaseti chifukwa tepi ikaduka tinkailumikiza ndi selotepi nyimbo n'kupitirira. Mawu amenewa ndawamva pa Kamuzu Road, ndawamva ku Chipoka, ndawamvanso pakati pa ophunzira anzanga amene adayamba kuzindikira zinthu zimbale zitatha kale fasho. Ine chigamulo chimenechi sindigwirizana nacho. Zimbale zambiri za kwathu zidafera m'manja mwa anthu, makamaka m'manja mwa obwereka, nthawi yake isadakwane. Zochepa zomwe zatsala zikulondola njira yomweyo, chonsecho zasunga zinthu zomwe sitingazipezenso kwina kulikonse.

Wina afunsa kuti nkhani ya zimbale yabwera bwanji lero pamene aliyense akumvera nyimbo pafoni. Yankho lili pa zomwe zidajambulidwa pa zimbalezo. Kuchokera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kufikira cha m'ma 2015, ukwati wolongosoka sunkatha popanda mnyamata wa kamera, ndipo pakapita sabata kapena ziwiri ankabweretsa DVD. Makwaya ankasonkherana ndalama, kukwera basi kupita ku situdiyo ku Lilongwe, n'kubwerako ndi zimbale zochepa zogulitsa pa tchalitchi pawo. Kulonga ufumu, mipikisano ya mganda ndi chimtali, sikiri, zinkhoswe, ngakhale maliro a anthu omveka m'mudzi, zonsezi zidalowa pa zimbale. Nyimbo za malemu Evison Matafale amene adatisiya mu 2001, kapena za malemu Lucius Banda amene adamwalira mu June 2024, sizidzasowa. Zili pa wailesi, zili pa YouTube, zili m'mafoni a anthu osawerengeka. Koma kwaya ya amayi a kwa Khombedza yomwe idajambula kamodzi kokha ili pa chimbale basi, ndipo mwina chimbale chatsala n'chimodzi. Mnyamata wa kamera uja adafufuta kale zonse m'kompyuta mwake, kapena adalowera ku Johannesburg osabwerako.

Kwa ife ophunzira zinenero, nkhaniyi ndi yathu kuposa anthu ena onse. Pa DVD ya ukwati pali ankhoswe akulankhula Chichewa chomwe achinyamata sitikuchithanso, pali anamkungwi akulangiza, pali nthabwala za woyendetsa perekaniperekani. Pali momwe agogo a kwa Maganga amalukira Chiyao ndi Chichewa m'chiganizo chimodzi osapunthwa, ndi momwe asodzi a Chitonga a ku Senga Bay amakhotetsera mawu athu. Buku la malamulo a chinenero lingatiuze kuti liwu limalembedwa bwanji, koma kukwera ndi kutsika kwa mawu, kupuma kwa wolankhula ndi kuseka kwa omvera sizikhala papepala.

Tsono kuti tisamale chinthu tiyenera kudziwa momwe chidapangidwira, ndipo apa ndi pamene ambiri sitidauzidwe kanthu. Wogulitsa ankangotipatsa chimbale n'kulandira ndalama. Chimbale cha CD, chomwe makampani a Philips ndi Sony adachitulutsa mu 1982, ndi chachikulu masentimita 12 ndipo kuchindikala kwake ndi mamilimita 1.2. Pafupifupi kuchindikala konseko ndi pulasitiki yoonekera ngati galasi. Nyimbo sizikhala kumbali yonyezimira ija monga ambiri amaganizira. Zimakhala pamwamba, kunsi kwenikweni kwa chithunzi cha woyimba, pa kachitsulo kopyapyala kwambiri komwe kamatetezedwa ndi vanishi wopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Diso la wailesi limawalitsa kuchokera pansi, kuwalako n'kudutsa pulasitiki yonse, kukagunda kachitsulo kaja n'kubwerera.

Taonani tsono chizolowezi chathu. Munthu akatulutsa CD m'wailesi amaitembenuza, chithunzi pansi, mbali yonyezimira kumwamba, n'kuiika patebulo akuganiza kuti waisamala. Kumeneko ndi kugoneka khanda chafufumimba pamchenga. Kukandika kwa kumbali yonyezimira kumangotchinga diso, nyimbo zili bwinobwino kuseri kwake, ndipo nthawi zina kumatheka kusalaza. Kukandika kwa kumbali ya chithunzi kumapalira nyimbo zenizenizo, ndipo palibe mmisiri amene angazibwezeretse. Amene akukayika atenge CD yakale ailoze ku dzuwa. Akaona timabowo towala ngati nyenyezi, adziwe kuti pamenepo padali mawu a munthu. Choncho chimbale chilibe mbali yogonekera patebulo. Chikatuluka m'wailesi chilowe m'kabokosi kake.

DVD ndi yosiyanako pang'ono. Ili ndi timapulasitiki tiwiri ta mamilimita 0.6 tomatidwa pamodzi, kanema ali pakati. Pamwamba pake ndi potetezekako, koma imadana ndi kupindidwa. Anthu amaizula m'kabokosi mokoka m'mphepete osadina kabatani ka pakati kaja, ndiye pabowo pamayamba ming'alu ndipo guluu amayamba kulekana. Chinanso, popeza DVD imanyamula magigabaiti 4.7 pamalo omwe CD imanyamula mamegabaiti 700, timadontho take ndi tating'ono kwambiri, kotero chala chimodzi chamafuta chimaphimba zambiri.

Mdani wamkulu wa chimbale kuno kunyanja ndi mchenga. Amene adakhalako ku Senga Bay kapena ku Lifuwu nthawi ya mwera, mu June ndi July, akudziwa kuti mchenga umalowa paliponse, pamphasa, m'thumba la malaya, ngakhale m'nsima. Mchenga ndi wolimba kuposa pulasitiki ya chimbale. Ndiye chimbale chikayamba kudumphadumpha, mnyamata amachitulutsa, kuchiuzira mpweya, n'kuchipukuta pamalaya kapena pathalauza mozungulira, mwamphamvu, ngati mayi akukwecha poto. Malayawo ali ndi mchenga. Chomwe wachita ndi kupala chimbale ndi sandipepa.

Kupukuta mozungulirako kuli ndi vuto lakelake loyenera kulimvetsa. Nyimbo pa CD zimayalidwa mumzere umodzi wopotana ngati nkhata, woyambira pabowo kupita m'mphepete. Mzerewo mutauongola ungapitirire makilomita 5, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendo wochoka pa Kamuzu Road kukafika ku Senga Bay. Amene adapanga CD adadziwa kuti idzakandika, ndiye adaipatsa nzeru yodzazira pomwe pasowa, malinga ngati malo oonongekawo m'litali mwa mzere sapitirira mamilimita 2.5 kapena chapompo. Kukandika kochoka pabowo kupita m'mphepete kumadula mzere uja mopingasa, pang'onopang'ono pamalo ambiri, ndipo wailesi imadzaza yokha ife osamva kanthu. Kukandika kozungulira kumatsata mzere womwewo mtunda wautali, wailesi n'kusowa podzazira, ndiye woyimba amangobwereza liwu limodzi ngati wachibwibwi. N'chifukwa chake chimbale amapukuta kuchokera pabowo kupita m'mphepete, motsata momwe masipoko a njinga amayendera. Ndipo asadapukute, ngati pali mchenga, ayambe achitsukuluza ndi madzi oyera, kadontho ka sopo ngati pali mafuta, kenaka achiumitse ndi kansalu ka thonje kofewa komwe sikagwira ntchito ina. Thonje timalima tokha kuno, kansalu koteroko sikangatisowe. Parafini, petulo ndi thinazi zimadya pulasitiki, zisayandikire.

Za mafuta ndisachulutse. Ndife anthu a usipa ndi utaka, ndipo dzanja lomwe langotsuka m'mbale ya nsomba yokazinga silikhala loyera monga limaonekera. Chimbale amagwira m'mphepete, kapena chala chimodzi pabowo china m'mphepete.

Mdani wachiwiri ndi dzuwa, lomwe kwathu ndi losasowa. Ndi dzuwa lomweli lidachititsa kuti m'boma lathu mumangidwe malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 omwe adatsegulidwa mu 2021. Apa tisiyanitse mitundu iwiri ya zimbale. Pali zochokera ku fakitale, zomwe nyimbo zake zidadindidwa mu pulasitiki momwemo. Palinso zobena, zija amagula zopanda kanthu n'kulowetsamo nyimbo pakompyuta, zomwe pansi pake pamaoneka mobiriwira, mwa buluu kapena mwa pepo. Zobenazi zimasunga mawu mu utoto womwe kuwala kwa leza kudautentha timadontho. Utoto umasuluka padzuwa monga chitenje chimasulukira pachingwe. Tsoka lake ndi loti pafupifupi zonse zomwe ndatchula poyamba zija, maukwati, makwaya, magule, zili pa zimbale zobena. Chimbale chotere chikhoza kukhala chosalala ngati chatsopano koma osawerengeka, chifukwa chidakhalitsa pawindo, kapena padashibodi ya minibasi ya ku Nkhotakota mwezi wa October, kapena pamwamba pa kabati kufupi ndi malata.

Mu 2003 bungwe la boma la America loona za miyezo, la NIST, mogwirizana ndi bungwe lina la malaibulale, lidatulutsa kabuku ka kasamalidwe ka ma CD ndi ma DVD kolembedwa ndi Fred Byers. Kabukuko kamalangiza kuti zimbale zosunga nthawi yaitali zikhale pamalo ozizira osapitirira madigiri 20, opanda chinyezi chambiri, zitaimikidwa chilili m'mabokosi ake monga mabuku pashelefu. Munthu wa ku Salima akamva za madigiri 20 amangoseka, pakuti chilimwe kwathu ngakhale usiku sufika pamenepo. Komabe m'nyumba iliyonse muli malo ozizirako kuposa ena. Chipinda cham'kati, kutali ndi windo ndi moto, chapakati pa khoma osati kudenga, n'chokwanira kuonjezera zaka pa moyo wa chimbale. Zoimika chilili zija ndiye sizilira ndalama. Kusanjikiza zimbale zamaliseche pamsomali kapena m'jumbo, monga ankachitira anyamata oonetsa kanema, kumachititsa kuti zizikandana zokhazokha.

Chinyezi nacho chili ndi gawo lake. Nthawi ya dzinja nsapato zimamera chuku m'nyumba za kunyanja, ndipo chimbale chomwe vanishi wake adakandika chimalowa chinyontho, kachitsulo kaja n'kuyamba kudyeka. Mu 2001 akatswiri a ku Spain adalengeza kuti adapeza chuku cha mtundu wa Geotrichum chitadya CD yochokera ku Belize, dziko lotentha ndi lachinyezi ngati kwathu kuno. Ndiye pali madzi enieniwo. Mu 2024 nyanja idakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mphepete mwa nyanja ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Katoni ya zimbale yomwe imakhala pansi pa bedi ndiyo imayamba kumira, ndipo pothawa madzi palibe amene amaikumbukira.

Ndiye pali zolembalemba. Bolopeni imaboola vanishi wa CD. Mapepala omata amakoka kachitsulo kaja tsiku lomwe adzamatuke, komanso amachititsa chimbale kuyenda mopendama. Ngati kulemba kuli kofunika, cholembera chikhale cha nsonga yofewa, ndipo malo abwino ndi kabwalo koonekera ka pafupi ndi bowo komwe sikasunga kanthu. Za Colgate ndikudziwa kuti ambiri amalumbirira. Zoona zake ndi zoti mankhwala otsukira mano amapala pulasitiki pang'ono, ndiye kukandika kosazama kwa kumbali yonyezimira nthawi zina kumasalala. Koma ndi mankhwala a tsiku lomaliza, oti chimbale chiwerengeke kamodzi kuti chikopedwe. Wochita zimenezi sabata iliyonse akungochititsa khungu chimbale chake.

Zonse ndanenazi munthu akhoza kuzitsata m'nyumba mwake, chimbale n'kufabe, chifukwa cha chinthu chimodzi chomwe chimavuta kuchikamba pakati pa Achewa, ndicho kubwerekana. Ukwati wa achemwali anga udajambulidwa pa DVD imodzi. Amayi ankaisunga m'sutikesi pamodzi ndi makadi a kusikelo ndi zikalata za sukulu. Tsiku lina azakhali adafika. "Alamu, tabwerekeniko kanema uja anthu akaoneko kwathu, ambiri sadabwere ku ukwati." Amayi sakadayankha china. "Tengani alamu, nanga ndingakumaneni ine? Mwanayo ndi wanu yemwe." Kuchoka kwa azakhali chimbale chidapita kwa apongozi a achemwaliwo, kuchoka kumeneko kwa mnzawo wa kumpingo, kenaka kwa anthu omwe mpaka lero sitiwadziwa. Chidabwerako patapita miyezi itatu, chili m'kapepala ka shuga, kabokosi kake katasowa. Lero chimasewera bwino mpaka pomwe agogo aamuna akuimirira kuti alankhule. Pamenepo nkhope yawo imasweka timabokosi, mawu n'kuduka. Agogowo adamwalira, ndipo amenewo ndiwo adali mawu awo okhawo ojambulidwa.

Palibe adalakwa mwadala pa ulendo wonsewo. Aliyense adachita zomwe mwambo umafuna. Timakula tikumva kuti kupatsa n'kuika, ndipo munthu wokaniza mnzake chinthu chooneka chaching'ono ngati chimbale amatchedwa womana, wodzimva, wachizungu. Ine mwambo umenewu ndimaulemekeza, pakuti ndi womwe umatidyetsa chaka cha njala. Koma makolo omwewo adasiyanitsa chimanga chakudya ndi chimanga cha mbewu. Cha mbewu ankachimangirira pamwamba pa moto kuti utsi uchiteteze ku anankafumbwe, ndipo mlendo ngakhale akhale wolemekezeka bwanji sankamukazingira chimenecho. Palibe ankati mwini nyumba ndi womana. Aliyense ankadziwa kuti chikadyedwa, chaka chamawa mudzi wonse ulira. Msodzi naye akhoza kukupatsa nsomba yodzadza beseni, koma chilimira chake sangakubwereke kuti ukayesere.

Maganizo anga ndi oti chimbale chomwe chilipo chimodzi chokha ndi cha mbewu. Chisatuluke m'nyumba. Wofuna kuonera abwere adzaonere pompo, kapena apatsidwe chokopera. Kale kukopa kunkafuna chimbale china chopanda kanthu ndi ulendo wa kwa obena nyimbo. Lero ndi nkhani ya memore khadi kapena fulashi, ndipo azakhali akhoza kulandira kanema yense osakhudza chimbale. Potero kupatsa kwachitika, kuika nakonso kwachitika. Chovuta ndi kupeza mawu okanira mwaulemu, ndipo apa achinyamata tingathandize makolo athu, chifukwa mwana akati "azakhali, ndikubweretserani wanuwanu Loweruka" palibe amene amakhumudwa.

Ena anena kuti ngati ndi choncho tingokopera zonse m'mafoni, zimbalezo tikakolowekere mbalame m'minda ya mpunga ku Lifuwu kapena tikongoletsere njinga za kabaza, monga zambiri zathera kale. Kukopako ndikuvomereza ndi mtima wonse, ndipo kuchitike msanga, chifukwa malaputopu ambiri a masiku ano sabweranso ndi polowetsa chimbale ndipo ma DVD pleya akafa sakukonzedwanso. Koma kutaya chimbale chifukwa chakopedwa ndi kupupuluma. Foni imabedwa pa depoti, imagwera m'nyanja, imagulitsidwa pakavuta fizi. Fulashi imafa tsiku limodzi popanda chenjezo, kapena imatenga vairasi pakompyuta ya wobena nyimbo zonse n'kusowa. Kanema wotumizirana pa WhatsApp nthawi zambiri amafinyidwa kuti achepe, nkhope n'kuyamba kusazindikirika. Chimbale chili ndi ubwino umodzi womwe zinthu zatsopanozi zilibe: chikabenedwa n'kutsekedwa, mwana wosewera sangachifufute ndipo vairasi singalowemo. Osunga zakale amalangiza kukhala ndi makope atatu, pa zinthu za mitundu iwiri, limodzi likhale kunyumba ina. Kwa ife zikutanthauza chimbale m'kabokosi kake kumudzi, fulashi kwa mwana amene ali ku Lilongwe, ndi kope lina pa intaneti ngati bando yalola.

Anzanga ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu, nafenso tili ndi katoni zathu. Ophunzira amene adatitsogolera ankapita m'midzi kukajambula nthano, miyambi ndi nyimbo za pamtondo, ndipo ambiri ankapereka ntchito yawo pa CD yomatidwa ndi selotepi kuchikuto chakumapeto kwa lipoti, ina italembedwa dzina ndi bolopeni. Agogo omwe adafotokoza nthanozo ambiri adapita. Ndikadakonda kuti kalasi iliyonse ya zamchezo ndi zachikhalidwe ipatule sabata imodzi yotsegula malipoti amenewa, kumatula zimbalezo mosamala, kuzitsuka, kuzikopa ndi kuziika m'mabokosi. Makina owerengera zimbale olumikiza ku laputopu ndi chingwe cha USB akupezekabe m'masitolo a makompyuta, ndipo amodzi akhoza kutumikira kalasi yonse.

Ndipo tikapita ku holide tifunse za sutikesi ija. Tikapeza chimbale tiyambe tachiloza kuwala tisadachilowetse m'wailesi, ndipo wailesiyo tisainyamule kapena kuigwedeza chimbale chikuzungulira. Chikasewera, tichikope tsiku lomwelo. Kenaka tiitane amayi kapena agogo akhale pafupi, kanema akuyenda, ife tili ndi kope ndi cholembera, atiuze kuti amene akuvina kutsogoloyo ndani, amene akulangizayo ndi wa kwa yani, nyimbo ikuyimbidwayo amaitcha chiyani ndipo udali mudzi uti, chaka chanji. Pepala limenelo tilipinde tiliike m'kabokosi, kuseri kwa chikuto, osati kukhudzana ndi chimbale.